DZINA LA MZINDA SILIKUMBA NGALANDE



M'mwezi wa Febuluwale caka ca 2017, Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti tauni ya Chipata yakwezedwa ndipo yakhala mzinda. Kufikira nthawi imeneyo dziko la Zambia linali ndi mizinda inai yokha, Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone, kotero kuti Chipata ndiye anakhala wacisanu. Cigawo conse ca Kum'mawa cinakondwera, ndipo kukondwako kunali koyenera. Komabe madzi a mvula otsetsereka kucokera m'mapiri ozinga malo ano safunsa ngati akudutsa m'tauni kapena mu mzinda. Akapeza ngalande yotsekeka ndi zinyalala amalowa m'nyumba za anthu monga momwe anali kucitira kale. Mai wa ku Mchini kapena ku Nabvutika amene amalawira m'mamawa kukaima pa mzere wa madzi sanapepukidwe mtolo cifukwa ca dzina latsopano.

Nkhani ya lero yagona pa funso limodzi: kodi ndani ayenera kusandutsa dzina limeneli kuti likhale miseu, ngalande, misika yaukhondo ndi madzi abwino? Ambiri adzayankha msanga kuti ndi khonsolo. Yankholi ndi loona, koma ndi lopelewera. Kwa zaka zambiri makhonsolo a m'dziko muno anali ndi nchito zoculuka koma analibe ndalama. Kuyambira caka ca 2022 ndalama zinayamba kufika m'madera zambiri kuposa kale lonse. Cimene cikusowa tsopano ndi mau a eni mzinda pa nthawi yosankha nchito zoti zigwiridwe, ndiponso maso ao otsata kumene ndalamazo zikupita.

KUMENE ULAMULIRO WA M'TAUNI UNACOKERA

Kuti munthu amvetse cifukwa cimene anthu ambiri amaonera khonsolo ngati cinthu ca eni ake, ayenera kuyang'ana m'mbuyo. Tauni ino inamangidwa ndi atsamunda a kampani ya British South Africa pambuyo pa nkhondo ya 1898, pamene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa. Anaicha Fort Jameson, ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira caka ca 1911. M'masiku amenewo munthu wakuda anali kukhala m'tauni monga wanchito cabe. Msonkho anali kupereka, koma za kumene mseu udzadutsa kapena kumene msika udzamangidwa sanali kufunsidwa. Ku midzi atsamunda anali kulamulira kupyolera mwa mafumu, Bwana Disii akuyang'anira zonse.

Ufulu utabwera mu 1964, Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linaika lamulo la makhonsolo la 1965, limene linakhazikitsa makhonsolo a ku midzi ndi a m'matauni okhala ndi makhansala osankhidwa ndi anthu. Dzina la Fort Jameson nalo linacotsedwa. Mu 1971 panabwera lamulo lina la kalembera ndi citukuko ca midzi, limene linayambitsa makomiti a citukuko m'midzi ndi m'mawadi. Motero ganizo lakuti citukuko ciyambire pansi si lacilendo m'Zambia. Agogo ambiri a m'cigawo cino anakhalapo m'makomiti otere.

Mu 1980, dziko liri pansi pa cipani cimodzi ca UNIP, Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo limene linaphatikiza khonsolo, maofesi a Boma ndi Cipani kuti zikhale cinthu cimodzi m'boma lirilonse. Wapampando wa khonsolo anakhala Gavanala woikidwa ndi Pulezidenti, ndipo makhansala anayamba kusankhidwa ndi a m'Cipani okha. Colinga cimene cinalengezedwa cinali kubweretsa mphamvu pafupi ndi anthu, koma cotulukapo cake cinali cakuti munthu wamba anataya voti yake ya khansala, ndipo mabungwe a anchito analikana lamuloli kolimba. Ndale za zipani zambiri zitabwerera mu 1991, lamulo latsopano linalekanitsanso khonsolo ndi cipani, ndipo masankho a makhansala anacitika mu 1992.

Kusintha kwina kwakukulu kunadza ndi Malamulo a Dziko okonzedwanso mu 2016, amene anati Meya azisankhidwa ndi anthu onse pa tsiku la masankho akulu, m'malo mosankhidwa ndi makhansala anzake m'cipinda. Kenaka lamulo la makhonsolo la 2019 linapatsa makomiti a citukuko a m'mawadi malo ao oikika m'lamulo. Cotero pa pepala, mphamvu imene inali m'manja mwa Disii, kenaka m'manja mwa Gavanala, yatsika kufikira pa khomo la munthu wamba.

NCHITO ZOCULUKA, THUMBA LOBOOKA

Pamene malamulo anali kusinthasintha, cuma ca makhonsolo cinali kucepa. Nchito ya magetsi, imene makhonsolo ena anali kupezerapo ndalama, inapita ku ZESCO. Mu 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo pa mitengo yotsika. Mabanja ambiri anapeza pokhala paopao, koma lendi imene inali kulowa mwezi ndi mwezi inathera pomwepo. Lamulo la madzi la 1997 linatsegula njira yakuti madzi a m'matauni aziyendetsedwa ndi makampani apadera, ndipo m'cigawo cino nchitoyi inaperekedwa kwa Eastern Water and Sanitation Company. Mu 2009 Pulezidenti Rupiah Banda anacotsa msonkho wa zokolola umene makhonsolo a m'madera a ulimi anali kudalira. Ciriconse mwa zimenezi cinali ndi cifukwa cake, koma zonse pamodzi zinasiya makhonsolo ambiri m'dziko akulephera kulipira anchito ao kwa miyezi, ndipo opuma pa nchito anali kudikira ndalama zao kwa zaka.

Apa ndi pamene panabadwira mkangano umene umamveka mpaka lero m'misika ndi m'makomboni. Mwini nyumba amati sapereka msonkho cifukwa khonsolo sicotsa zinyalala. A khonsolo amati sacotsa zinyalala cifukwa anthu sapereka msonkho ndipo galimoto iribe mafuta. Onse awiri ali ndi pogwira, koma pamene iwo akulozana zala mulu wa zinyalala ukukula, ndipo nchenche sizisankha nyumba ya wolipira kapena ya wosalipira. Boma linakhazikitsa thumba lothandiza makhonsolo lochedwa Local Government Equalisation Fund, limene linayamba kugwira nchito mu 2015, koma thumbali silinapangidwe kuti lilowe m'malo mwa misonkho ya eni mzinda.

NDALAMA ZA CDF NDI NJIRA IMENE ZIMAYENDA

Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, limene aliyense amalidziwa ndi dzina lakuti CDF, linayamba mu 1995. Kwa zaka zambiri linali laling'ono. Mu 2021 dera lirilonse linali kuikiridwa K1.6 miliyoni pa caka. Mu bajeti ya 2022 Boma la Pulezidenti Hakainde Hichilema linakweza ndalamazi kufika pa K25.7 miliyoni, kumene kuli kuwirikiza ka 16. Mu 2023 zinafika pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Pa masankho a 2021 boma la Chipata linali ndi madera awiri a aphungu, Chipata Central ndi Luangeni, popeza Chipangali ndi Kasenengwa anali atapatulidwa mu 2018 kukhala maboma paokha. Motero m'caka ca 2025 cokha, ndalama zoikiridwa madera awiriwa zinapitirira K72 miliyoni.

Malangizo a 2022 anagawa ndalamazi motere. Zitacotsedwa zoyendetsera nchito, pa K100 iriyonse yotsala K60 inali ya nchito za anthu onse, monga zipinda zophunziriramo, madesiki, zipatala zazing'ono, mijigo, milatho ndi miseu ya m'madera. K20 inali yolipirira ana osauka ku masukulu a sekondale ogonera komweko ndi ku masukulu a nchito zamanja. K20 yotsala inali ya mphatso ndi ngongole zothandiza magulu a amai ndi acinyamata kuyamba malonda.

Cofunika kwambiri kucidziwa ndi njira imene nchito imayenda isanafike pa kukumba maziko. Wadi iriyonse inagawidwa m'mazoni. Anthu a m'zoni amasonkhana, nachula zosowa zao, nasankha owaimirira mu komiti ya citukuko ca wadi. Komiti imeneyi, mmene khansala amakhalamonso, imasanja zosowazo kuyambira cacikulu, ndi kuzitumiza ku komiti ya CDF ya dera lonse. Akatswiri a khonsolo, monga mainjiniya ndi okonza mapulani, amaunika ngati nchitoyo ingatheke ndi mtengo wake. Ikabvomerezedwa, khonsolo ndiyo imaitana makontrakitala, kuyang'anira nchito ndi kulipira.

Pa makwerero onsewa, loyamba ndilo limanyozedwa kwambiri, cikhalireco ndilo losenza ena onse. Msonkhano wa zoni ukaitanidwa ndipo nkubwera anthu khumi okha, zofuna za anthu khumi amenewo ndizo zimalembedwa ngati zofuna za zoni yonse. Ngati amai amene amatunga madzi ndi kunyamula odwala kupita nao ku cipatala sanabwere, sikudzakhala kodabwitsa mjigo ndi cipinda coberekeramo zikasowa pa mndandanda. Munthu amene anakhala pa nyumba tsiku limenelo adzadandaula pambuyo pake nchito itayamba kale, koma madzi akatayika saoleka.

Malipoti a Mkulu Woona za Kayendetsedwe ka Ndalama za Boma, amene pa Cingerezi amati Auditor General, akhala akuonetsa zofooka zofanana m'makhonsolo osiyanasiyana a m'dziko: nchito zocedwa kutha, nyumba zomangidwa mosalimba, ndi ngongole za magulu zosabwezedwa. Woona za ndalama amafika caka citatha, koma mwini dera amadutsa pa malo a nchito tsiku lirilonse. Iye ndiye woyamba kuona ngati simenti yacepa m'matope, ngati njerwa ziri zosapsa, kapena ngati kontrakitala wasowa kwa milungu itatu. Ndipo gulu limene linatenga ngongole nkuiyesa mphatso ya masankho likulanda mwai wa gulu lina limene likudikira pa mzere, pakuti ndalama za ngongole zinapangidwa kuti zizizungulira.

ZIMENE ZIKUDIKIRA MZINDA WA CHIPATA

Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma la Chipata. Mzindawu ndi khomo lenileni: mseu waukulu wocokera ku Lusaka umadutsa pano kupita ku malire a Mwami ndi ku Malawi, mseu wa ku Mfuwe umatsikira ku cigwa ca Luangwa, ndipo njanji yocokera ku Mchinji inafika mu 2010. Caka ciriconse m'mwezi wa Febuluwale alendo amadzaza mzinda popita ku Nc'wala ku Mtenguleni. Anthu akaculuka malonda amakula, koma walira mvula walira matope.

Bvuto loyamba ndi la mapiri ndi madzi. Mitengo ya m'mapiri ozinga mzinda yakhala ikudulidwa cifukwa ca nkhuni, makala, minda ndi malo omangapo nyumba. Phiri likakhala lopanda mitengo, madzi a mvula salowa pansi. Amathamanga ndi dothi ndi miyala, nakwirira ngalande, nakumba zigwembe m'miseu ya m'makomboni, nadzaza mtsinje wa Lunkhwakwa. Dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa mitsinje limakathera m'madamu, ndipo damu likadzaza matope limasunga madzi ocepa. Mzinda umene umamwa madzi a m'madamu a Lutembwe suyenera kuona kudula mitengo ngati nkhani ya a zankhalango okha. Khonsolo ingakumbe ngalande caka ndi caka, koma ngati kumtunda kuli mbee, ndalamazo zidzapita ndi madzi.

Bvuto laciwiri ndi la zinyalala. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 ndi kupitirira m'caka ca 2024 unagwira anthu oposa 20,000 m'Zambia ndi kupha oposa 700, ambiri a iwo m'makomboni a Lusaka. Zimene zinaupatsa mphamvu ndi zimene zimapezeka m'komboni iriyonse yothithikana: zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi, ngalande zosayenda, ndi zakudya zogulitsidwa pambali pa milu ya zinyalala. Lamulo limapatsa khonsolo udindo woyang'anira kucotsedwa kwa zinyalala, koma palibe lamulo limene lingagwire dzanja la munthu wotaya botolo la pulasitiki m'ngalande usiku. Nchito imeneyo ndi ya mnansi, ya mpingo, ya mphunzitsi ndi ya kholo.

Bvuto lacitatu ndi la misika ndi masiteshoni a mabasi. Lamulo la 2007 linaika malo amenewa pansi pa makhonsolo, koma kwa zaka zambiri m'matauni a Zambia anyamata a zipani anali kutolera ndalama kwa amalonda ndi oyendetsa mabasi popanda lisiti. Mu 2021 Pulezidenti Hichilema analamula kuti mcitidwe umenewu uthe. Lamulo lotere limakhala ndi moyo pokha-pokha wamalonda aliyense wa ku Kapata Market kapena ku Saturday Market akamakana kupereka ngakhale Kwacha imodzi popanda lisiti ya khonsolo. Lisiti ndiyo mboni yakuti ndalama yalowa m'thumba la anthu onse, ndipo ndiyo imapatsa wamalonda mphamvu yofunsa cifukwa cake cimbudzi ca pa msika ciribe madzi.

Bvuto lacinai ndi la mapuloti, ndipo ndilo limene lagwetsa misozi mabanja ambiri m'matauni a dziko lino. Malo a Boma amaperekedwa ndi Commissioner of Lands. Khonsolo imangolandira makalata ofunsira malo ndi kupereka maina kwa iye motsata ndondomeko. Khansala payekha alibe mphamvu yogulitsa puloti, ndiponso wapampando wa cipani m'komboni alibe mphamvu imeneyo. Kunja kwa malire a mzinda kuli malo a mafumu, ndipo lamulo la malo la 1995 limafuna cibvomerezo ca mfumu ndi ca khonsolo malo otere asanalembedwe m'dzina la munthu. Wogula puloti pa njira ya cidule amamanga pa malo osungidwira mseu, sukulu kapena m'mphepete mwa mtsinje, ndipo tsiku lina nyumba yake imagwetsedwa kapena kukokoloka pamene womugulitsa uja anadya kale ndalama. Mafumu ndi khonsolo akayendera limodzi pokonza mapulani a kumene mzinda udzakulira, ana a m'tsogolo adzapeza malo a sukulu ndi a cipatala alipo.

NDALE ZA M'DERA NDI UDINDO WA MWINI MZINDA

Ndale za m'dera ziri ndi mayesero ace. Phungu, Meya ndi khansala angakhale a zipani zosiyana, ndipo aliyense amafuna kuti mjigo watsopano uchedwe wake. Pakakhala kukokana kotere, wadi imene inavotera mbali ina imaopa kuti idzaiwalika. Koma ndalama za CDF si za phungu, si za cipani colamula ndipo si za cipani cotsutsa. Zimacokera m'misonkho imene munthu aliyense amapereka pogula sopo, mafuta ndi mayunitsi a foni. Mu 2021 anthu a mu Chipata anasankha a George Mwanza, amene anaima paokha opanda cipani, kukhala Meya. Cimeneci cinaonetsa kuti ovota a mu mzinda uno amatha kuyeza munthu payekha. Nzeru yomweyo iyenera kugwira nchito pakati pa masankho ndi masankho, pakuti zaka zisanu ndi zambiri kuti mtsogoleri akhale wosafunsidwa kanthu.

Zida zofunsira ziripo. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo munthu wamba angakhale pansi ndi kumva zimene khansala wake akunena kapena kuona ngati wangokhala cete. Bajeti ya khonsolo imakonzedwa caka ciriconse, ndipo anthu amaitanidwa kupereka maganizo ao. Mu Disembala 2023 Zambia anakhazikitsa lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira nkhani za m'maofesi a Boma. Motero kufunsa mtengo wa cipinda cophunziriramo, dzina la kontrakitala ndi tsiku limene nchito iyenera kutha si mwano kapena kuukira atsogoleri. Mtsogoleri wa manja oyera amakondwa ndi mafunso otere, cifukwa amamucotsera mphekesera. Koma pamene anthu aleka kufunsa, wakuba amakhazikika, ndipo akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

A khonsolo nao ali ndi mbali yao. Tsiku la msonkhano wa zoni lilengezedwe nthawi ikalipo, pa wailesi za m'dera, m'machalichi ndi m'mizikiti, ndipo likhale tsiku limene amai ndi anthu a pa nchito angathe kubwera. Mndandanda wa nchito zobvomerezedwa, mitengo yake ndi maina a olandira ngongole zipacikidwe poyera pa maofesi ndi pa masukulu. Wopereka msonkho aone kumene msonkho wake wapita, pakuti palibe cimene cimakopa munthu kulipira koposa kuona galimoto ya zinyalala ikufika pa tsiku lake.

Makolo amene anamenyera ufulu wa 1964 anafuna kuti mwana wa dziko lino akhale ndi mau pa za mudzi wake ndi tauni yake. Mauwo anapatsidwa, analandidwa, ndipo anabwezedwanso pamodzi ndi ndalama zimene makhansala akale sanazilote. Mutu umodzi susenza denga. Mwini nyumba apereke msonkho wake ndi kulandira lisiti. Wamalonda asunge ukhondo pa malo ace. Mnyamata ndi mtsikana adziwe dzina la wadi yao, la khansala wao ndi la owaimirira mu komiti ya citukuko. Ndipo belu la msonkhano wa zoni likadzalira, anthu a mu Chipata adzaze bwalo, pakuti pamenepo ndi pamene mseu, mjigo ndi ngalande za caka camawa zimayambira.